Kathumba ka Sinamoni

1

Mpaka lero sindidya chilichonse chothira sinamoni. Ndikangomva fungo lake, kaya m'sitolo kaya m'khitchini ya munthu, nseru imandigwira ndipo ndimatuluka panja kukalavula. Anthu amaganiza kuti ndi matenda, ine ndimangowasiya aganize choncho. Koma bodzalo ndatopa nalo.

Dzina langa ndine Renetta. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinali mkazi wa a Royce Sumrall, dikoni wa mpingo komanso mwini yadi yogulitsira magalimoto akale m'tauni yathu ya Cane Ferry, kummwera kwa Arkansas. Pageti panali chikwangwani chachikulu chokhala ndi nkhope yawo ikumwetulira, pansi pake atalemba kuti, "Royce sanamiza munthu." Chikwangwanicho ndinkachipukuta ndine Loweruka lililonse.

Namondwe akawononga kugombe la Louisiana, a Royce ndiwo ankatsogolera pemphero Lamulungu, misozi ili chuchuchu, kupempherera abale athu amene madzi awalanda zonse. Lolemba m'mawa ankadzuka ndi chimwemwe kupita ku okushoni kukagula magalimoto amene anamira mpaka kudenga, pamtengo wa njinga. Makalata a magalimotowo ankawazunguliza m'maboma awiri kapena atatu, mpaka mawu oti "inamirapo m'madzi" atasowa papepala.

Zotsalazo inali ntchito yanga. Ndinkachotsa mipando ndi makapeti, kukolopa matope, kupala dzimbiri ndi mswachi, kenako kuyatsa mafani sabata yathunthu kuti muume. Ndikamaliza, galimoto inkawala moti ngakhale mwini wake woyamba sakanaizindikira. Vuto linali limodzi: kukatentha, fungo la chuku linkabwerera. Ndiye ndinkasoka timatumba ta nsalu, kuthiramo sinamoni, n'kupachika kamodzi pagalasi loyang'anira kumbuyo.

Ogula ankati, "Koma Mayi Sumrall ndi mayi waukhondo." Sankadziwa kuti kwa ife kathumbako kanali chizindikiro. Galimoto ya kathumba inali yam'madzi, ndipo lamulo la m'nyumba mwathu linali lakuti wachibale asakweremo. Ana a eni ake ndiwo ankayenera kukweramo. Ndikamakumbukira kuti lamulo limeneli ndinkalinyadira, n'kumadziona ngati munthu wosamala abale, ndimanyansidwa ndi thupi langa lomwe.

2

Twyla ndi mng'ono wanga, tinasiyana zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi atamwalira iye ali ndi zaka khumi, ndine ndinkamupesa tsitsi, ndine ndinkapita kusukulu akapalamula. Anakula ali wokongola, woseka mokweza, ndipo ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, mamailosi makumi atatu kuchokera kwawo. Ankanyamula nkhalamba kuzisambitsa uku akuziimbira nyimbo.

Tsiku lina galimoto yake ili kwa makaniko, anabwera pa yadi n'kutola makiyi a ina yofiira.

"Achemwali, ndibwerekeko iyi mpaka Lachisanu."

Ndinamulanda makiyiwo. "Iyi ayi."

"Bwanji? Yonunkhira bwino chonchi ngati payi wa mbatata?"

"Tamvera iwe. Galimoto iliyonse pa yadi pano imene ili ndi kathumba aka pagalasi, usadzakweremo. Ngakhale atakupatsa ulere."

"Muli ziwanda?"

"Usandifunse zambiri. Ndakuuza, basi."

Anaseka n'kundigwadira monyogodola. "Ndamva, amayi."

Sanafunsenso. Twyla anali wotero: chimene mkulu wake wanena, chanenedwa. Akanakhala munthu wokayikira mawu anga, bwenzi lero akuyenda ndi miyendo yake iwiri bwinobwino.

3

Nkhani inayamba ndi Mayi Odessa, mnzanga wa m'kwaya, amene lilime lawo silidziwa tchuthi. Tikupakula mlamba wokazinga pa chakudya cha mpingo, anandisendera pafupi.

"Mayi dikoni, ine sindikonda zonena anthu."

"Ndikudziwa," ndinatero, "n'chifukwa chake mumangonena theka la tauni."

"Sekani, koma lole ya bambo dikoni yaima kwa mng'ono wanu Lachiwiri masana, Lachinayinso masana. Mwina akuphunzira Baibulo."

Ndinaseka nawo, koma mlamba uja ndinausiya m'mbale. Lachiwiri lotsatira ndinadutsa dala pa msewu wa kwa Twyla. Lole inalipo, itaima pansi pa mtengo. Lachinayi inaliponso. Sabata yachitatu ndinaimika galimoto patali n'kukhala theka la ola ndikuyang'ana lole yopanda munthu.

Sindinatsike. Sindinagogode. Sindinafunse a Royce, sindinafunsenso Twyla. Ndinangobwerera ku yadi n'kukapitiriza kupala dzimbiri, uku ndikuzenga mlandu ndekha m'mutu, kuitana mboni ndekha, kugamula ndekha. Mwana amene ndinamulera ndi manja angawa anali atandilowa m'nyumba. Chidani chimene chinandigwira sindinachionepo, ndipo chonyansa kwambiri n'chakuti a Royce sindinawakwiyire kwenikweni. Mkwiyo wonse ndinautula pa mng'ono wanga.

4

Mwezi wa Epulo galimoto ya Twyla inaferatu, ndipo anabwera pa yadi ndi cheke cha kubanki m'manja. A Royce anatuluka mu ofesi akukonza lamba wa thalauza.

"Alamu, cheke cha chiyani? Ife ndi amodzi. Sankhani, tikambirana bwino."

"Ndilipira mtengo wonse umene mwalemba pagalasipo, alamu," anayankha osawayang'ana. "Zaulere sindizifuna."

Ine ndinati mumtima, taonani sewero. Akudziumitsa pamaso panga, Lachiwiri akatsegula chitseko.

Nkhope ya a Royce inasintha pang'ono. Analoza galimoto yoyera, yaing'ono, imene inali pakona. "Ndiye tengani iyo. Siimwa mafuta, ikuyenerani anthu odzidalira ngati inu."

Twyla anati ayambe wamwa madzi, ndipo analowa kuseri kwa ofesi kumene kunali mpopi. Anakhalako mphindi zisanu. Za mphindi zisanu zimenezo ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Atabwerera anaizungulira galimotoyo, kugogoda matayala ndi nsapato ngati amadziwapo kanthu, kenako anatsegula chitseko n'kuyang'ana pagalasi loyang'anira kumbuyo. Panalibe chopachika.

"Iyi ili bwino, achemwali?"

"Ukuonapo kathumba?"

"Ayi. Koma mukumveka sinamoni pang'ono."

"Ndi manja angawa," ndinatero, n'kumununkhiza zala zanga. "Fungoli silindichoka."

Anandipsompsona patsaya. Mu ofesi a Royce anamusainitsa pepala limene ankasainitsa aliyense, lonena kuti wagula galimoto mmene iliri ndipo chilichonse chikapezeka pambuyo pake ndi chake. Pepala limenelo a Royce ankalitcha ambulera yawo. Twyla anatuluka pageti akuliza hutala, dzanja lili pawindo.

5

Inayenda miyezi inayi. Lachitatu lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Twyla akuchokera kuntchito, zonse za m'galimoto zinangozima nthawi imodzi ali pa liwiro. Chiwongolero chinauma, mabuleki analimba, ndipo anakawomba khoma la mlatho. Thumba la mpweya limene limafufuma pangozi kuti liteteze woyendetsa silinatuluke n'komwe. Mchere wa m'madzi a m'nyanja unali utadya mawaya mwakachetechete.

Anathyoka chiuno ndi mwendo pawiri. Madokotala anamuika zitsulo n'kumuuza kuti zonyamula nkhalamba aiwale.

Ndinkapita kuchipatala tsiku lililonse ndi msuzi wa nkhuku, n'kumamumwetsa ndi supuni. Anamwino ankanditamanda kuti achemwali otere ndi osowa. Ndinkamwetulira, kenako n'kukabisala kuchimbudzi.

Sabata yachitatu ndinapeza m'chipindamo mayi wamfupi, wa magalasi ndi nsapato zafulati. Anali Mayi Vandiver, loya amene anzake a Twyla akuntchito anamupezera. M'manja anali ndi pulasitiki, m'katimo muli lamba wa pampando wa galimoto ija.

"Mwabwera bwino, Mayi Sumrall," anatero. "Taonani ichi. Lamba uyu ndinakamukoka mpaka kumapeto kwenikweni, kumene amadzikulunga m'kati mwa khoma la galimoto."

Theka la lambayo linali loyera. Theka linalo linali lakuda ndi matope ouma, mzere wake wowongoka ngati wolemba ndi rula. Zaka zonsezo ndinkatsuka lamba mpaka pamene munthu amakokera akamamanga. Kupitirira apo sindinkafikako.

"Galimoto iyi inagona m'madzi," anatero loyayo. "Boma lathu lili ndi lamulo loteteza ogula kwa amalonda achinyengo. Koma kuti tipambane, tiyenera kusonyeza kuti wogulitsayo ankadziwa."

"Achemwali sanadziwe," Twyla analankhula ali chigonere. "Akanadziwa akanapachikamo kathumba."

"Kathumba kanji?"

Twyla anafotokoza zonse zimene ndinamuuza kalekale, monyadira, ngati akundichotsa pamlandu. Mayi Vandiver anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkangotakasa msuzi umene unali utazizira kale.

6

Masamoni atafika, a Royce anawawerenga patebulo akudya mazira ndi nyama yankhumba, mafuta akuyenderera pachibwano.

"Mng'ono wakoyu ngozi ija inamugwedeza mutu. Anasaina yekha kuti wagula mmene iliri. Makalata ndi oyera. Ine ndinadziwa bwanji za madzi? Ndine nsomba?"

"Loya uja akufuna ndikaperekere umboni za timatumba."

Anaika foloko pansi, kupukuta zala, n'kutulutsa foni m'thumba. Anandionetsa kanema wa mphindi imodzi, mawu atawatseka. Sindinathe kumuonera mpaka kumapeto.

"Ukangotsegula pakamwa kukhoti, mayi, kanema ameneyu amuona Twyla. Tikamira timira tonse. Thira khofi."

Ndinathira khofi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinali ndikugona pambali pa munthu ameneyu, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinaona bwino mmene amatafunira.

Masana ake ndinapita kwa Twyla, amene anali atatuluka m'chipatala. Ndinamupeza pakhonde la kuseri kwa nyumba, ndodo zake zitatsamira khoma. Funso limene linandikanika kwa chaka chathunthu linangotuluka lokha.

"Twyla, lole ya alamu ako inkadzatani kuno Lachiwiri ndi Lachinayi?"

Anaweramitsa mutu. "Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkaiona."

"Pepani, achemwali. Sindinafune kukupasulirani banja. Ankabwera kudzandifunsira. Akuti inu mwatha, mumangonunkha sopo ndi dzimbiri. Ine ndinkakhoma chitseko, iwo n'kukhala pampando mwakhala inupo, kulankhula pawindo mpaka kutopa. Tsiku lina ndinawathira madzi otsukira mbale. N'chifukwa chake ndinakana zochotserana mtengo. Sindinafune adzanene kuti ndinadya chawo."

Ndinadzuka pampandopo ngati pali moto. Tsiku lija ndinaimika galimoto patali n'kumayang'ana lole. Ndikanangoyenda masitepe makumi awiri, ndikanawaona bambo dikoni ali pakhonde, akupempha pawindo.

"Mwatani, achemwali? Mwatuwa."

"Palibe. Uuze loya wako kuti ndibwera kukhoti."

7

Mlandu unalowa mwezi wa Malichi, pamaso pa jaji wachikulire wa imvi amene sankakonda mawu ambiri. Theka la mpingo linadzaza mabenchi. A Royce anavala suti yawo ya pa Mgonero ndipo ananyamula Baibulo, limene analiika pamwamba pa mafayilo kuti aliyense alione.

Twyla anapereka umboni wake m'mawa. Masana anandiitana ine. Ndinafotokoza za okushoni, za mafani, za mswachi, za timatumba. Ndikulankhula, ndinkaona anthu m'mabenchi akuyang'anana, chifukwa ambiri a iwo anali atayendapo ndi kathumba kanga pagalasi. Mayi Odessa anagwira pakamwa. Galimoto ya mwana wawo inali ndi kobiriwira.

Kenako anaimirira Bambo Haskins, loya wa a Royce, munthu wamtali wolankhula mofatsa ngati akukupatsa moni.

"Mayi Sumrall, mwati galimoto iliyonse yam'madzi munkaipachika kathumba?"

"Inde."

"Iliyonse? Simunkaiwalako?"

"Sindinaiwalepo."

"Ndipo mwati amuna anu ankadziwa galimoto yam'madzi poona kathumbako?"

"Inde."

"Zikomo. Tsono mng'ono wanu walumbira pano m'mawa kuti anayang'ana pagalasi ndipo panalibe kathumba. Ngati nkhani yanuyi ndi yoona, ndiye kuti amuna anu analoza galimoto yopanda chizindikiro, imene iwo ankayesa yabwino. Ngati ndi yabodza, mwangobwera kudzawaipitsa chifukwa banja lavuta. Tisankhe iti?"

Ndinaona Mayi Vandiver akutseka maso. Mlandu wa Twyla unali kuthera pomwepo, ndipo a Royce ankasisita foni yawo patebulo ndi chala chimodzi, akundiyang'ana. Ankadziwa kuti ndingolola kutchedwa wabodza kusiyana n'kunena chinacho.

"Kathumba kanalimo," ndinatero.

"Pepani, sindinamve."

"Kathumba kanalimo pamene a Royce ankaloza galimotoyo. Kofiira, ka madontho oyera. Galimoto imeneyo ndinaitsuka ndine, ndinachotsamo matope odzaza ndowa zitatu ndi nkhanu yakufa pansi pa mpando. Twyla atapita kukamwa madzi, ndinatsegula chitseko, kumasula kathumbako n'kukaika m'thumba la epuloni yanga."

"Chifukwa chiyani?" Amene anafunsa anali jaji mwini.

"Ndinkaganiza kuti akuyenda ndi amuna anga, Olemekezeka. Ndinkafuna imuvutitse, izimuzimira panjira, awononge ndalama kwa amakaniko. Ndinkadziuza kuti zithera pomwepo. Koma ndinkadziwa bwino zimene mchere umachita ndi mawaya."

Sindinayang'ane kumene kunali Twyla. Ndinangomva ndodo yake imodzi ikugwa pansi, ndipo palibe amene anaitola.

Bambo Haskins anayesa kudzikoka. "Ndiye wolakwa ndinu. Palibe umboni woti amuna anu anaona zimenezo."

"Anaona. Anandijambula ali pawindo la ofesi. Kanemayo ali m'foni imene akuisisitayo."

Chala cha a Royce chinaima. Maloya anakangana kwa ola lathunthu, jaji n'kulamula kuti foniyo iperekedwe. M'mawa mwake anaonetsa kanemayo pakhoma, ndipo ulendo uno mawu sanawatseke. Ndinadziona ndekha ndi epuloni yanga yabuluu, ndikucheuka uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, dzanja likulowa m'galimoto. Kenako panamveka mawu a wojambulayo, akuseka chapansipansi: "Taonani mfiti iyi. Yam'madzi ija akuipereka kwa mng'ono wake. Imukhaulitse, wamatama ameneyu."

Munthu wina kumbuyo anati, "Ambuye Yesu." Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

8

Chigamulo chinatuluka patapita masabata atatu, ndipo jaji anachiwerenga yekha. Anati pepala loti munthu wagula katundu mmene alili limateteza wogulitsa pa zimene sankazidziwa, osati pa zimene anazibisa dala. Anati kutsuka galimoto yomira n'kuzunguliza makalata ake mpaka mbiri yake itafufutika ndi malonda achinyengo pansi pa lamulo la boma lino, ndipo yadi yonse inkayendera chinyengo chimenecho. Analamula kuti Twyla alipidwe zonse za kuchipatala ndi za ntchito imene inamuthera, ndipo za galimotoyo abwezeredwe katatu, chifukwa bodzalo linali ladala. Mafayilo anawatumiza kwa loya wamkulu wa boma kuti afufuze za ogula ena onse.

Pomaliza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi Sumrall, khoti lino lakhulupirira umboni wanu. Musaganize kuti lakuyamikirani."

Ambulera ya a Royce inathera pomwepo. Anatuluka pakhomo lakumbali, Baibulo ataliiwala patebulo.

Twyla ndinamupeza panja, akutsika masitepe a khoti imodziimodzi, ndodo patsogolo, mwendo pambuyo. Ndinathamangira kuti ndimugwire mkono.

"Musandigwire."

"Twyla, mwana wa amayi, ndikudziwa kuti..."

"Msuzi uja munkaphika nokha?"

"Inde."

"Munkandimwetsa ndi dzanja lomwelo?"

Dzanja lija ndinalibisa kumbuyo. Anatsika sitepe ina, n'kuima kuti apume. Sankalira. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wapeza tsitsi m'chakudya.

"Alamu aja sindikuwadabwa, ndinawadziwa kalekale kuti ndi galu. Koma ine pagalasi paja sindinkayang'ana kathumba, achemwali. Ndinkayang'ana inu." Anakonza ndodo m'khwapa. "Jaji wati galimoto andibwezere katatu. Za kundibwezera mkulu wanga sananenepo kanthu."

"Ndichite chiyani kuti..."

"Mundisiye nditsike ndekha. Ndazolowera."

Anatsika masitepe onse khumi ndi anayi ine nditaima pamwamba. Mayi Vandiver anamutsegulira chitseko cha galimoto, ndipo ndinaona Twyla, asanakhale pansi, akukoka lamba wa pampando mpaka kumapeto n'kumuyang'anitsitsa.

9

Papita zaka zinayi. Yadi inatsekedwa, chikwangwani chija anachigwetsa, ndipo pamalopo pano amagulitsapo matayala. Boma linapeza magalimoto am'madzi zana limodzi ndi makumi atatu amene anadutsa m'manja mwanga. Inenso linandiimba mlandu wanga, ndinavomera, ndipo chilango changa ndinagwira. Banja linatha. A Royce ndimamva kuti ali ku boma lina, akuimba m'kwaya.

Masiku ano ndimachapa nsalu za pabedi pa hotela ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Mwezi uliwonse ndimalembera Twyla kalata. Sayankha, koma makalatawo sabwereranso, ndiye ndimapitiriza. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola. Mwina n'zoona, koma ine ndinaona ndi maso anga kuti fupa limathyoka pawiri, ndipo ngakhale alilumikize ndi zitsulo munthu amatsimphinabe.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti mwanyansidwa nane, ndipo simunalakwe. Koma musananditaye, taganizani izi. Tchimo langa silinayambe tsiku limene ndinamasula kathumba kaja. Linayamba tsiku limene ndinasoka koyamba, pamene ndinavomera mumtima kuti pali anthu oyenera kuchenjezedwa ndi ena oyenera kukwera. Magalimoto zana limodzi ndi makumi awiri mphambu asanu ndi anayi ndinawapereka kwa ang'ono a anthu ena, tulo n'kumagona bwinobwino. Dzanja litazolowera choncho, kuchotsa munthu mmodzi pa mndandanda wa abale sikunanditengere ngakhale mphindi zisanu.

Ngati kuntchito kwanu, m'sitolo mwanu kapena m'khitchini mwanu muli chinthu chimene mumanong'oneza abale anu okha kuti asagule, asadye kapena asakwere, ndiye kuti kathumba kanu mwasoka kale. Ndipo ngati mwaona lole itaima pakhomo pa m'bale wanu, tsikani mukagogode. Ine ndinaopa masitepe makumi awiri, ndipo mng'ono wanga sitepe iliyonse amaiponda ndi ndodo.